Odi kwa Faines

Mukafika pa Mponela n'kufunsa za mayi wosankha nyemba kuseri kwa sitolo ya a Zakia, aliyense akulozerani. Ameneyo ndi Faines, msuweni wanga. Mayi ake ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, ndiye pachisuweni ndili ndi ufulu womunena mmene ndingafunire, ndipo nayenso sandinyengerera. Ine ndine Roza, ndimagulitsa tomato ndi kabichi mumsika. Anthu amati ndine wolongolola, ndipo sindikana. Ndisanalembe nkhaniyi ndinamupempha mwiniwake. Anati ndilembe, bola ndisathiremo bodza, chifukwa akuti ine nkhani ndimaithira mchere wambiri.

Tinakulira limodzi kumudzi kwathu, m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene nyengo yozizira chifunga chimachoka dzuwa litakwera kale. Ali wakhanda, Faines ankatamidwa mudzi wonse. Sankalirira kuberekedwa. Ukamukhazika pamphasa n'kumupatsa zitsononkho, ankazindandalika pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Atakulirapo sankayang'ana munthu m'maso, ndipo kwathu umenewo ndi ulemu. Ana enafe tinkanenedwa tsiku ndi tsiku kuti tizionera kwa Faines, amene akulu akamalankhula maso amakhala pansi, osati ife a maso tong'o. Zinkandipweteka mtima, chifukwa ine ndinkadziwa kuti mnzangayo akuonerera nyerere.

Kutamako kunazirala anthu ataona kuti anzake onse ayamba kulankhula koma iye ali duu. Ndipo atayamba kulankhula, ena analakalaka akanangokhala chete. Tsiku lina kunabwera mkulu wa mpingo kudzacheza, atavala jekete yake yapatchalitchi. Faines anamuuza kuti jeketeyo ikununkha mbuzi. Zinali zoona, munthuyo anakwera lole ya mbuzi kuchokera ku Ntchisi, koma azakhali anasowa pobisala.

Panalinso zina zosaseketsa. Phokoso la chigayo, ng'oma, makamaka nthungululu za amayi, zinkamulowa m'mutu ngati singano. Ankatseka makutu, kukhala pansi, n'kumadzigwedeza uku akung'ung'udza kanyimbo kake kopanda mawu. Munthu akamugwira mwadzidzidzi ankakuwa ngati wapsa ndi moto. Apo ndiye manong'onong'o anayamba, akuti bambo ake anamukhwimira mwanayo kuti alemere. Ine mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima. Bambo a Faines chuma chawo chonse chinali njinga imodzi yopanda mabuleki. Ngati kunali kukhwima, ndiye sing'angayo anawabera. Koma anthu ankanenabe, ndipo munthu wosalakwa uja analowa m'manda ndi mbiri imeneyo.

Amene anapeza njira ndi azakhali, mayi wofatsa amene sukulu sanapite nayo patali. Iwo anaona kuti mwanayo sakana kugwiridwa, chimene akukana n'kudzidzimutsidwa. Ndiye anayamba kuchita zimene timachita tikafika pakhomo pa eni. Akafuna kumusambitsa, kumupesa, ngakhale kungomugwira paphewa, ankayamba aima kaye n'kunena kuti odi. Faines akayankha kuti odini, ankamugwira. Nthawi zina yankho linkachedwa, ndipo azakhali ankadikira. Nthawi zina silinkabwera n'komwe, ndipo iwo ankabweza dzanja osakwiya. Amayi a pachitsime ankawaseka kuti kodi mwana wasanduka nyumba, koma azakhali ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinaphunzira odi ameneyu ndili wamng'ono, ngakhale kudikira yankho kunkandivuta monga kumandivutira mpaka pano.

Kusukulu Faines anaphunzira kuwerenga msanga kuposa ine, koma kalasi yathu inali ndi ana osawerengeka, onse olongolola, ndipo mutu unkamupweteka. Anasiyira panjira. Anakhala pamudzi akuthandiza mayi ake kumunda, mpaka ine nditakwatiwa ku Mponela ndinamutenga kuti azindithandiza pabenchi ya tomato. Tsiku loyamba lomwelo, maminibasi akuliza mahutala ndipo oitanira akukuwa, ndinatembenuka n'kupeza palibe. Ndinazungulira msika wonse mtima uli m'mwamba. Ndinakamupeza kuseri kwa sitolo ya a Zakia, pansi pa mtengo wa mango, atakhala pambali pa mulu wa nyemba za eni, akusankha mwamtendere ngati anabadwira pomwepo.

A Zakia ndi amuna awo a Ramadani ndi Asilamu, ndipo sitolo yawo ndi yakale pa Mponela. Kutsogolo amagulitsa shuga, sopo ndi mchere, kuseri amagula nyemba, soya ndi mtedza kwa alimi. Ndinayamba kupepesa, koma a Zakia anandiletsa ndi dzanja. Anali ataima pakhomo kwa kanthawi akumuonerera. Nyemba za kwathu zimabwera zosakanikirana, nanyati, kholophethe, napilira, zofumbwa ndi timiyala tomwe, ndipo Faines anali ataika mtundu uliwonse pakamulu kakekake. A Zakia anamufunsa ngati angabwerenso mawa. Iye anayankha kuti abwera, koma wailesi imene inkalira pazenera aichotse. Anaichotsa tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo kuseri kuja kunakhala kwa Faines. A Zakia anaika malamulo awo osachita kuuzidwa ndi munthu. Lichero la Faines wina asaligwire. Ngati mawa kudzabwera lole kapena ntchito idzasintha, auzidwe lero. Ndipo atandiona ine ndikuchita odi, nawo anayamba.

Dzina la chimene Faines ali nacho tinalimva kwa Ashura, mwana wa a Zakia amene ndi namwino ku Lilongwe. Atabwera kudzadya chikondwerero cha Idi ndi makolo ake, anakhala ndi Faines masiku angapo pansi pa mango paja, kenako anapempha azakhali kuti apite naye akaonane ndi madokotala odziwa zimenezi. Kumeneko anati ndi otizimu. Faines anafunsa ngati achira. Ashura anamufotokozera kuti si malungo oti umwe mankhwala athe, si ufiti, ndipo palibe amene analakwa. Ndi mmene munthu wabadwira. Ubongo wake umalandira phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa mwamphamvu kuposa wa enafe, ndipo zimene anthu amanena mozungulira kapena ndi nkhope chabe iye sazitola msanga. Anatinso anthu otere safanana, ena salankhula n'komwe ndipo amafunika kuwasamalira moyo wawo wonse, ena amagwira ntchito m'maofesi.

Faines atamva zimenezi anati, “Ndiye kuti tilipo ambiri.” Nkhope yake inawala, ndipo ulendo wonse wobwerera ankang'ung'udza kanyimbo kake kachisangalalo, pakuti ali n'tiwiri, kamantha ndi kachimwemwe, ndipo ife apabanja timatisiyanitsa. Amene analira ndi azakhali, pokumbukira amuna awo.

Tsopano ndifike pa Festus. Ameneyu ndi wakabaza, amanyamula matumba a nyemba kuchokera m'midzi ya kumapiri kubweretsa kwa a Zakia. Pakulongolola ndi yekhayo pa Mponela amene ndimamuopa. Tsiku loyamba anangofika n'kumumenya Faines paphewa mwachibwana pomupatsa moni. Kukuwa kwake ndinakumva ndili pabenchi yanga, ndipo ndinathamanga ndi chikuni m'manja. Ndinapeza a Zakia amukhazika kale Festus pathumba akumulangiza, iye thukuta lili kamukamu. M'mawa mwake anabweranso, anaima patali, navula kapusi n'kuchita odi.

Anayamba kumapumira pamenepo masana aliwonse. Ankati akuthandiza kusankha, koma chilichonse chimene wasankha Faines ankachibwereza pamaso pake pomwepo. Festus sankakhumudwa. Ankafunsa kuti nyemba iyi ndi mtundu wanji, ndipo Faines, amene kwa enafe amayankha mawu awiri basi, ankafotokoza mpaka mthunzi wa mango kusuntha: kumene imalimidwa, mmene imapsera, chifukwa chake anankafumbwe amaikonda. Chodabwitsa n'chakuti Festus ankamvetsera, atatseka pakamwa. Nditamufunsa chimene wadya, anati moyo wake wonse wakhala ndi anthu onena china mtima uli pena, koma ndi Faines amadziwa pamene waima. Akati wasangalala ndiye kuti wasangalaladi, akati choka ndiye kuti uchoke, ndipo mawa sasunga mangawa.

Ine ndinkaona kumene zikulowera, koma Festus, ndi pakamwa pake ponse paja, mawu enieniwo ankamukanika. Anamuthandiza ndi Faines. Tsiku lina ine ndili pomwepo ndikudya chinangwa, iye maso ali palichero, anamufunsa ngati ali ndi mkazi. Festus anati alibe.

“Ndiye undikwatire ine,” anatero Faines. “Koma wailesi ya panjinga yakoyo usadzalowe nayo m'nyumba.”

Chinangwa chinanditsamwa. Kwathu mkazi safunsira mwamuna, koma Festus sanadikire kuti wina amukumbutse mwambo. Anavomera pomwepo, ndipo masana omwewo wailesi ija anaigulitsa kwa mnzake.

Vuto linabwera ndi a Vinsenti, malume ake a Festus, mlimi wa fodya wa ku Chisepo. Festus ndi mwana wamasiye, ndipo anamulera ndi iwowa. Popanda iwo kukhala nkhoswe panalibe ukwati, kumudzi ngakhale kutchalitchi, ndiponso Festus sakanatha kuwalumpha. A Vinsenti ndi munthu wa mwambo, wa chipewa ndi ndodo, amene moni wake yekha amatha nthawi yophikira ndiwo. Atabwera kudzaonana ndi bambo anga, amene ndiwo nkhoswe ya Faines, anatambasula dzanja kuti apereke moni kwa mtsikanayo. Faines anayang'ana dzanjalo n'kubisa ake kumbuyo.

Bambo anayesa kufotokoza za otizimu ndi za odi. A Vinsenti anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti iwo ndi imvi zawozo sanaonepo munthu akuchita odi kwa munthu mnzake ngati kuti ndi chitseko. Sanali munthu wankhanza, zimenezo ndivomere ngakhale tsiku limenelo ndinkafuna kuwathira madzi otsukira mbale. Nkhawa yawo inali yakuti mphwawo adzasanduka choseketsa, ndipo mkazi wosatha kuima pagulu sadzatha maliro, zinkhoswe ndi zonse za pabanja. Ndiye anagamula kuti chinkhoswe chichitike chonse monga anachitira ndi ana ena a alongo awo, pabwalo, anthu ali pomwepo, zoimbira zilipo. Mtsikanayo akapirira mpaka kuvundukulidwa, ukwati ulipo. Akathawa, iwo anyamula tambala wawo kubwerera naye ku Chisepo, ndipo nkhani ithere pomwepo.

Kwa amene sadziwa, pachinkhoswe akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi amakonza msoti, ndipo ankhoswe akasinthana nkhukuzo ndiye kuti mabanja agwirizana. Koma zisanafike pamenepo pamakhala masewera. Mkwatibwi amatuluka atafunditsidwa chitenje kuyambira kumutu, ndipo asanatuluke iye, abale ake amayamba atulutsa akazi ena ofunditsidwa chimodzimodzi. Nkhoswe ya mwamuna imavundukula mmodzimmodzi n'kumakana, mpaka itapeza mwiniwake. Pamenepo ndiye pamakhala nthungululu zogwetsa denga.

Ine ndinati tikane. Azakhali anati timufunse mwiniwake. Faines anamvetsera zonse, ndipo anati achita, chifukwa Festus akumufuna, koma timuuze zonse zimene zidzachitike, chiyani choyamba, chiyani chotsatira, osadumpha kanthu.

Tinayamba kuyeserera madzulo aliwonse ndikaweruka kumsika. Chimene tinkaopa kwambiri chinali chitenjecho. Tinkati munthu wosafuna kukhudzidwa, ukamuphimba kumutu ndiye kwatha. Ndinachita odi, anayankha, ndinamufunditsa uku ndikupemphera chamumtima. Patapita kanthawi tinamva kanyimbo kachimwemwe kaja kakuchokera mkati. Titati tsopano atuluke, anakana. Akuti mkatimo kuwala kwachepa, palibe nkhope zomuyang'ana, ndipo anatifunsa chifukwa chimene tinamubisira chinthu chabwino chotere zaka zonsezi. Tinaseka mpaka misozi. Chitenje chatsopano chimene Festus anagula anachikana, akuti n'cholimba ndipo chikununkha sitolo. Anasankha chakale cha mayi ake, chofwifwa, chimene ankamuberekera ali mwana.

Tinapangana ndi woimbitsa nyimbo kuti Faines akamatuluka azimitse zoimbira zake. Amayi a mbali yathu tinawapempha kuti nthungululu azisunge. A Vinsenti titawapempha kuti auzeko amayi a kwawo, anati lilime la mkazi wosangalala lilibe pozimitsira.

Tsikulo linafika titakolola, kunja kukuzizirabe. Pakhomo pa azakhali panadzaza, ena atakhala mpaka m'mizere ya munda. Ndikudziwa kuti ambiri anabwera kudzaona ngati mwana uja athawe. A Zakia anabwera ndi banja lonse pagalimoto yawo yonyamulira katundu, ndipo mbuzi anazinga ndi a Ramadani kuti aliyense adye momasuka. Festus anakhala pampando kutsogolo, atavala suti yobwereka imene manja ake ankathera m'zigongono. Pambali pa a Vinsenti panali tambala wamkulu wofiira, atamangidwa miyendo ndi luzi.

Woyamba kutuluka atafunditsidwa ndinali ine. Ndinayenda monyang'wa, ndikugwedeza zonse zimene Mulungu anandipatsa, ndipo sizochepa. A Vinsenti anandivundukula, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti uyu ayi, nkhokwe ya mphwawo singamukwanitse. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Ine ndinawauza kuti ngakhale akanandifuna, ng'ombe za ku Chisepo n'zowonda. Mpaka pamenepo zonse zinkayenda bwino.

Kenako nyimbo zinazima, ndipo Faines anatuluka. Azakhali ankamutsogolera atagwira nsonga ya chitenje, osati dzanja lake. Anayenda bwinobwino mpaka pakati pa bwalo n'kuima pamene tinapangana. A Vinsenti anayandikira, ndipo monga anachitira ndi ine, anangogwira chitenje cha pamutu n'kukoka.

Chitenje sichinachoke. Faines anali atachigwira zolimba mkati. A Vinsenti anakokanso, iye anakanirira. Tsono pachinkhoswe mkwatibwi akakanirira chonchi, anthu amadziwa kuti akufuna afupidwe kaye. Amayi a ku Chisepo anaona ngati masewera afika pokoma. Anaimirira ndi nthungululu, akuvina kumuzungulira, akumuponyera ndalama pamutu. Woimbitsa nyimbo uja, poona kuti anthu akuvina opanda nyimbo, anaiwala pangano n'kutsegula zoimbira zake mpaka kumapeto.

Ndinaona chitenje chija chikutsika pansi. Faines anakhala chonyonyomala n'kuyamba kudzigwedeza. Mapazi ake, amene okha ndiwo ankaoneka, anatembenukira kunjira ya kudimba, kumene ankathawira ali mwana. Mtima wanga unasweka. Ndinayang'ana a Vinsenti, dzanja lawo likadali pachitenje, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuuma.

A Zakia sanafunse munthu. Ananyamuka, anakoka mpango wawo bwinobwino, n'kupita kuseri kwa nyumba kukazimitsa jenereta. Nyimbo zinadukira pakati. Festus naye anali ataimirira. Munthu amene chibadwire sanawayankhepo malume ake analankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

“Malume, chotsani dzanja. Chonde.”

A Vinsenti anachotsa, mwina chifukwa chodabwa. Koma nthungululu zinkapitirirabe, chifukwa amayi aja sanadziwe kuti chalakwika n'chiyani. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwakalipire, ndipo ndikanatero chinkhoswe chikanathera pomwepo. Azakhali anandiposa nzeru. Anagwada pansi pafupi ndi mwana wawo n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, manja atawapinda, pang'onopang'ono, monga timachitira pofika pamaso pa akulu. Amayi a mbali yathu anagwada nawo. Ine ndinatseka pakamwa panga n'kugwada. A Zakia pochokera kuseri kuja anagwadanso. Ndipo palibe mayi woleredwa bwino amene angapitirize nthungululu anzake atagwada akuwomba m'manja. Amayi a ku Chisepo anayang'anana, mmodzi anagwada, enawo n'kutsatira.

Kuwombako kutatha, pabwalo panangoti zii. Chimene chinkamveka ndi kanyimbo kamantha kaja, kochokera pansi pa chitenje chofwifwa chimene chinkanjenjemera. A Vinsenti anatsala okha choimirira. Pambuyo pake anauza bambo anga kuti phokoso lija likanapitirira sakanamva kanthu, ndipo akanapita kwawo akukhulupirira kuti mtsikanayo ndi wamwano. Koma atamva kanyimboko anazindikira kuti pansi pa nsaluyo pali munthu amene akumva kuwawa, ndipo ngakhale zili choncho sanachoke pamene anauzidwa kuti aime.

Anavula chipewa. Anaika ndodo pansi, nanyonyomala, mawondo akulira kuti tonse timve. Anawomba m'manja katatu monga achitira mlendo pakhomo.

“Odi,” anatero.

Yankho silinabwere. Ine ndimadziwa kutalika kwa kudikira kumeneku, ndipo ndinkaopa kuti mkuluyo atopa, kapena abwereza mokweza, kapena atambasulanso dzanja. Sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anangokhala chonyonyomala, chipewa pabondo, maso pansi, anthu onse aja akuwayang'ana. Kudzigwedeza kuja kunayamba kuchepa. Kanyimbo kanaleka.

“Odini,” anatero mawu a mkati.

A Vinsenti sanagwire chitenje. Faines anachikweza yekha, pang'onopang'ono, mpaka nkhope yonse inaoneka, yonyowa ndi misozi. Sanawayang'ane m'maso, anayang'ana chipewa chawo.

“Mwandidikira. Zikomo,” anatero. Kenako anatembenukira kumbali. “Koma tambala wanuyo mwamumanga kwambiri. Miyendo yatupa.”

Anthu anagwira pakamwa, mapewa okha akugwedezeka, chifukwa aliyense tsopano ankaopa kuchita phokoso. A Vinsenti anayang'ana tambala, ndipo anapeza kuti n'zoona. Anamukoka n'kuyamba kumasula luzi kuti amange mofewa. Tambala atangomva kuti miyendo yamasuka anawapulumuka m'manja, anadutsa pakati pa amayi ogwada aja, n'kukalowa m'gulu la nkhuku za azakhali kuseri kwa nkhokwe ngati kwawo. Ena anafuna kumuthamangitsa, koma a Vinsenti anawaletsa. Anati tambala walowa yekha pakhomo, iwo anganenenso chiyani. Anapempha bambo anga kuti abweretse msoti.

Zotsalazo zinachitika motsitsa mawu, ndipo sindinaonepo chinkhoswe chokoma chotero. Malangizo anamveka onse, mwina koyamba m'mbiri ya mudzi wathu. Festus anapatsidwa khasu ndi nkhwangwa, Faines anapatsidwa mthiko, chipande ndi lichero latsopano, limene analitembenuza n'kunena kuti lalukidwa bwino. Woluka wake, amene anali pomwepo, mpaka lero amadzitama nazo. Titadya, a Vinsenti eniakewo analamula kuti zoimbira azinyamule apite nazo kubwalo la mpira kutsidya kwa dambo. Kumeneko ndiye tinavina, amayi a ku Chisepo anatulutsa nthungululu zonse zimene anazimeza, ndipo ine ndinathyola chidendene cha nsapato. Eni chinkhoswe anatsala pakhonde pa azakhali, awiriwiri, akusankha nyemba za mbewu m'lichero latsopano lija.

Pano Faines ndi Festus amakhala kumapeto kwa Mponela, kutali ndi msewu. Sindinganame kuti zonse n'zosalala. Pali masiku amene Faines amadzuka dziko likumulemera, ndipo amafunda chitenje chija n'kukhala kuchipinda, Festus n'kupita yekha kukauza a Zakia kuti lero sabwera. Kumaliro amapita, koma amakhala kumbali ndipo amachoka msanga, ndipo abale anazolowera. Festus kulongolola sanasiye, amangothera panjinga ndi makasitomala ake. A Vinsenti akabwera kudzagulitsa soya salephera kudutsa kuseri kwa sitolo. Amaima patali, chipewa m'manja, ndipo ndinawamvapo akukalipira mlimi wina amene anafuna kumugwira Faines pamkono, akumufunsa ngati kwawo anthu amangolowa m'nyumba za eni osaodira.

Nditamaliza kulemba ndinapita pansi pa mango paja kukamuwerengera, monga tinapangana. Anamvetsera yonse manja ali m'nyemba. Za jekete ya mbuzi anati n'zoona. Za chikuni anati sichinali chikuni, unali mzimbe, ndipo ndavomera. Ndinamufunsa ngati pali bodza lina.

“Lilipo limodzi,” anatero. “Walemba ngati ndinkafuna kuthawira kudimba. Mapazi okha ndi amene ankafuna. Ine ndinkadikira kuti wina achite odi.”